Mlonda wa Pansi pa Nyanja Yemwe Amajambula Ndere

Anzanga, tonsefe timawadziwa madzi a padamu kapena a pachithaphwi akasanduka obiriwira, makamaka mu Okutobala ndi Novembala dzuwa likamaswa mtengo. Timangoti ndi ndere, basi, n'kumapita. Koma ndere si zamtundu umodzi ayi. Zilipo zija zoterera zomera pamiyala, zimene zimagwetsa anthu powoloka mtsinje. Ndiye pali zina zomwe sizigwira pena paliponse, zimangoyandama m'madzi, ndipo kamodzi pakokha simungakaone ndi maso. Izi ndi zimene mu Biology timazitcha phytoplankton. Nkhani yanga ndi ya tizomera timeneti komanso makina ena ake amene amakhala pansi pa nyanja usana ndi usiku n'kumatijambula.

Poyamba tione kuchepa kwake. Tengani rula yanu, muyang'ane milimita imodzi. Muigawe m'maganizo zigawo 1,000. Chigawo chimodzi ndiye micrometre. Tsitsi la munthu limanenepa ma micrometre pakati pa 50 ndi 100, pamene tizomera tambiri ta mtunduwu ndi tochepa kuposa pamenepo. Koma musatipeputse. Tili ndi chlorophyll ngati masamba a chimanga, timapanga chakudya ndi dzuwa, ndipo pafupifupi theka la mpweya wa okosijeni umene zomera zonse za padziko lapansi zimatulutsa umachokera kwa ito. Tina, totchedwa diatoms, timavala kachigoba kagalasi. Tina, ma dinoflagellates, tili ndi timichira tiwiri ndipo timasambira.

Ndiwo zathu zimayambiranso pomwepa. M'nyanja ya Malawi chambo chimadya tizomerati. Usipa umadya tizilombo ting'onoting'ono ta m'madzi timene timadya tizomerati, kenako kampango amadya nsomba zing'onozing'ono. M'miyezi yozizira mwera ukamaomba, umakankhira madzi ofunda a pamwamba kumpoto, ndipo kummwera kwa nyanja madzi a pansi okhala ndi michere yambiri amakwera pamwamba. Tizomera tija timachulukana, chakudya cha nsomba n'kuchuluka. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene mbali ya Mangochi imakhalira ndi nsomba zambiri.

Zabwino zikasanduka zoopsa

Vuto limabwera pamene mtundu umodzi wachulukana mopyola muyeso. Kachomera ka selo imodzi kamaswana pogawika pakati. Tiyeni tichite masamu pang'ono, inu a Fomu 1 musathawe. Ngati kamagawika kamodzi patsiku, mawa tikhala tiwiri, mkuja tinayi. Pakatha masiku 7 tikhala 128. Pakatha masiku 10 tikhala 1,024. Pakatha masiku 20 tapitirira miliyoni imodzi, zonsezo kuchokera ku kamodzi kokha. Zoona zake n'zakuti tambiri timadyedwa kapena kufa panjira, n'chifukwa chake madzi sabiriwira tsiku lililonse. Koma pakakhala dzuwa lokwanira, madzi ofunda ndi odekha, komanso michere ya naitirojeni ndi fosiforasi, palibe chotiletsa. Michereyo ndi yomwe ija ili mu feteleza wa NPK ndi Urea, mu ndowe ndi m'zonyansa za m'zimbudzi zikakokolokera m'madzi. Kunyanja yamchere madzi amatha kufiira kapena kuderako, ndiye anthu a kumeneko amati red tide. Si nthawi zonse pamene munthu ali wolakwa: kwina ndere zimenezi zimayambira kutali pakati pa nyanja mwachilengedwe, mphepo ndi mafunde n'kuzibweretsa kugombe.

Zimapha m'njira ziwiri. Njira yoyamba ndi yolanda mpweya. Ndere zikafa zambirimbiri, mabakiteriya oziwoletsa amamaliza okosijeni yense wa m'madzi. Amene ali ndi madamu a nsomba kwawo amadziwa kuti madzi akabiriwira kwambiri, m'bandakucha nsomba zimabwera pamwamba kukamwa kuli yasa. Ku Elands Bay, kugombe la kumadzulo kwa South Africa, mu 1997 nkhanu zikuluzikulu za m'nyanja zotchedwa rock lobster zinathawira kumtunda chifukwa chosowa mpweya, ndipo matani pafupifupi 2,000 anatsakamira pamchenga.

Njira yachiwiri ndi poizoni. Mwa mitundu zikwizikwi ya tizomerati, yochepa chabe ndiyo imapanga poizoni, koma yochepayo ndi yokwanira kusautsa dziko. M'mayiko a m'mbali mwa nyanja yamchere anthu amadya nkhono za zigoba ziwiri zotseguka ngati buku, monga oyster ndi mussel. Nkhonozi zimadya posefa madzi, malita ambirimbiri patsiku. Izo sizifa, zimangosunga poizoniyo m'thupi, wodzadya ndiye amaona zakuda. Mu 1987 ku Canada anthu oposa 100 anadwala atadya mussel zochokera ku Prince Edward Island, atatu anamwalira, ndipo ena anasiyiratu kukumbukira zinthu zimene zangochitika kumene. Poizoniyo dzina lake ndi domoic acid, amapangidwa ndi diatom yotchedwa Pseudo-nitzschia. Choipa kwambiri n'chakuti kuphika sikumuchotsa.

Tsono boma lililonse la kumadera amenewo limafuna kudziwa msanga, anthu asanadye. Njira yakale ndi iyi: munthu amakwera boti kapena kuima padoko, amatunga madzi m'botolo, amathiramo mankhwala kuti tizomera tisaole, amadikira kuti tikhazikike pansi, kenako amakhala pa maikulosikopu n'kumawerenga kamodzikamodzi mpaka maso kuwawa. Botolo limodzi limadya maola. Malo ambiri amatunga kamodzi pa sabata. Bwererani ku masamu aja: sabata imodzi ndi yokwanira kuti chinthu chichuluke ka 128. Wotunga madzi akamabwera Lolemba lililonse, zoopsa zikhoza kuyamba Lachiwiri iye osadziwa kanthu.

Makinawo

Akatswiri awiri a ku Woods Hole Oceanographic Institution, m'chigawo cha Massachusetts ku America, Robert Olson ndi Heidi Sosik, ndiwo anapanga makina othetsa vutoli. Anawatcha Imaging FlowCytobot, mwachidule IFCB. Maonekedwe ake ali ngati kamgolo kowonda, kotalika pafupifupi mita imodzi, kotsekedwa bwinobwino kuti madzi asafike ku mawaya. Kuyambira mu 2006 makinawa akhala akugwira ntchito pa nsanja ina yomwe ili m'nyanja ya Atlantic, makilomita atatu kummwera kwa chilumba cha Martha's Vineyard. Amamangiriridwa kumwendo wa nsanjayo, mamita anayi pansi pa madzi. Chingwe chodutsa pansi pa nyanja chimawabweretsera magetsi, n'kutenganso zithunzi kupita nazo kumtunda. Masiku ano kampani ya McLane Research Laboratories ndiyo imawapanga ndi kuwagulitsa.

Kagwiridwe kake ka ntchito ndiye kamandisangalatsa kwambiri, ndiye pano ndichedwapo.

M'kati muli chinthu chonga jakisoni. Chimakoka madzi a m'nyanja okwana mamililita 5, omwe ndi kasupuni kamodzi ka tiyi, pafupifupi mphindi 20 zilizonse. Pakhomo polowera madzi pali kasefa, choncho chilichonse choposa ma micrometre 150 chimatsala kunja. Madzi aja sathiridwa nthawi imodzi ayi. Amakankhidwa pang'onopang'ono kuti ayende ngati kaulusi kowonda kwambiri pakati pa madzi ena oyera osefedwa kale. Chifukwa cha kuwonda kwa kaulusiko, tizomera sitingadutse tiwiri nthawi imodzi. Timandandalikana ngati ana a ku pulayimale pamzere wa phala.

Kutsogolo kwa mzerewo kuli kuwala kofiira kwa laser. Apa pali chinsinsi cha chlorophyll chimene mabuku athu sachitchula kawirikawiri: kuwala kukaiomba, iyo imabweza kuwala kwakekwake kofiira. Kachipangizo kena kamakhala tcheru kudikira kuwala kobwezedwako. Kakangokuona, nthawi yomweyo kamayatsa nyale yothwanima ngati mphezi, kamera n'kujambula. Kuthwanimako kumakhala kwakufupi kwambiri moti ngakhale kachomerako kakuthamanga, chithunzi chimatuluka chooneka bwino, chosafufutika. Kamchenga kapena kachinyalala kopanda chlorophyll kakhoza kudutsa osajambulidwa. Ndiye kuti kachomera kalikonse kamadziyatsira kokha kamera. Kompyuta ya m'katimo imadula chithunzicho n'kusunga pokhapo pali kachomera, kuti malo osungira asathe msanga.

Mwina mukuti, kasupuni ka tiyi pa nyanja yonse, zingathandize chiyani? Ndi funso labwino. Mphindi 20 zilizonse ndiye kuti katatu pa ola, ka 72 patsiku. Mukachulukitsa ndi 5 mupeza mamililita 360, osadzaza ngakhale botolo la theka la lita. Koma m'kasupuni kamodzi ka madzi a kugombe mumatha kukhala tizomera zikwi zingapo, choncho pa ola limodzi zithunzi zimakhala zikwizikwi. Komanso onani izi. Ku America lamulo linkati ndere zotchedwa Karenia brevis zikafika 5,000 pa lita imodzi, kukolola nkhono kuyime. 5,000 pa lita ndi 5 pa mililita, ndiye kuti 25 m'kasupuni kamodzi. Makina ojambula kalikonse kodutsa sangaphonye 25. Amayamba kuziona zikadali ziwiri kapena zitatu, ndipo popeza amatunga ka 72 patsiku, akatswiri amaona msanga ngati nambala ikukwera.

Chinthu chilichonse chosiyidwa m'nyanja chimamera ndere ndi tinkhono pakangopita masabata ochepa. Opanga makinawa anaganizirapo. Madzi oyera aja amazungulira m'kati momwemo, akusefedwa, ndipo ali ndi mankhwala opha tizilombo. Nthawi ndi nthawi makinawa amadzitsuka okha ndi mankhwala onga Jik. Amadziyesanso okha: amadutsitsa timikanda tapulasitiki todziwika kale kukula kwake, kuti akatswiri kumtunda aone ngati kamera ikuonabe bwino. N'chifukwa chake amatha kukhala pansi pa madzi mpaka miyezi isanu ndi umodzi munthu osawakhudza.

Zithunzi zikachuluka chonchi, ndani angazione zonse? Palibe. Pa zaka zonsezi zakwana mamiliyoni mazanamazana. Ndiye ntchito yosankha imapatsidwa kwa kompyuta, koma iyonso imayamba yaphunzitsidwa ndi anthu. Akatswiri odziwa mitundu ya ndere amakhala pansi n'kulemba dzina pa zithunzi zikwizikwi: ichi ndi chakuti, ichi ndi chakuti. Kompyuta imaphunzira maonekedwe ake, kutalika, kupindika, minga, ngati tili patokha kapena tolumikizana ngati unyolo. Mu 2007 Sosik ndi Olson anaonetsa kuti kompyuta yawo imatha kugawa zithunzi m'magulu 22, ndipo pa zithunzi 100 zilizonse inkakhoza 88. Pa mayeso a kusukulu imeneyo ndi distinction, koma pa nkhani ya poizoni 12 zotsalazo si zochepa. Lero akugwiritsa ntchito njira zatsopano zophunzitsira makompyuta, komabe alamu ikalira munthu amayamba waona zithunzizo ndi maso ake asanauze boma.

Zomwe zinachitika ku Texas

Mu 2007 katswiri wina wa pa yunivesite ya Texas A&M, Lisa Campbell, anaika makinawa padoko la Port Aransas, pomwe madzi a Gulf of Mexico amalowera m'magombe a m'kati momwe amakololamo oyster. Iye ankalondera Karenia brevis, mdani wodziwika kale wa kumeneko, amene amapha nsomba ndi kutsokomoletsa anthu oyenda m'mbali mwa nyanja. Koma mu Febuluwale 2008 zithunzi zinayamba kuonetsa mlendo wina, dinoflagellate yotchedwa Dinophysis, ndipo nambala yake inkakwera. Imeneyi imapanga okadaic acid, poizoni wotsegula m'mimba ndi kusanzitsa. Kumeneko palibe amene ankaiyembekezera, chifukwa m'dziko la America boma linali lisanatsekepo malo okolola nkhono chifukwa cha iyo.

Akatswiriwo anadziwitsa a zaumoyo. Oyster zitayesedwa zinapezeka ndi poizoni wopyola muyeso. Kumayambiriro kwa Malichi boma la Texas linatseka magombe okhudzidwawo n'kuitanitsa oyster zomwe zinali zitapita kale kumsika. Apa n'kuti nthawi ya chikondwerero cha oyster cha m'tauni ya Fulton, komwe kumasonkhana anthu zikwizikwi kudzadya zomwezo, itakwana. Sipanamveke za munthu wodwala.

Kwa ine phunziro la sayansi m'nkhaniyi ndi ili: makinawa anagwira chimene sanatumidwe kukagwira. Chipangizo choyeza poizoni wa Karenia yekha chikanangokhala chete. Kamera ilibe tsankho, imajambula aliyense wodutsa.

Zithunzi zomwezo zinaonetsanso kanthu kena koseketsa. Dinophysis isanachuluke, kunayamba kwachuluka kachilombo kena kofiira kotchedwa Mesodinium. Dinophysis imagwira Mesodinium, n'kuyamwa za m'kati mwake, n'kusunga ma chloroplast ake kuti izipangira chakudya ndi dzuwa. Koma Mesodinium nayonso ma chloroplast amenewo si ake, inalanda kwa tindere tina tochepetsetsa. Mbava kuberedwa ndi mbava inzake, eti! Phindu lake n'lakuti Mesodinium ikayamba kuchuluka pazithunzi, akatswiri amakhala tcheru podziwa kuti woisaka akhoza kukhala ali m'njira.

Ku Martha's Vineyard nako anaona zomwe botolo la pa sabata silikanaonetsa. Diatom ina yotchedwa Guinardia delicatula imalowedwa ndi kachilombo koidya m'kati, ndipo kachilomboko kamaoneka pazithunzi. Atayang'ana zithunzi za zaka zingapo anapeza kuti madzi akazizira kwambiri kachilomboko kamalephera, diatomyo n'kupeza mpata wochulukana. Pano makina otere ali pamadoko angapo a ku California, komanso pa chilumba cha Utö ku Finland, komwe amalondera ndere za m'nyanja ya Baltic.

Tisawakweze kwambiri komabe. Kamera imaona nkhope, siona poizoni. Mitundu ya Pseudo-nitzschia ndi yambiri, ina yoopsa, ina yopanda vuto, ndipo pachithunzi imafanana ngati mapasa. Ngakhale mtundu woopsawo nthawi zina umapanga poizoni wambiri, nthawi zina wochepa. Choncho nkhono zimayenerabe kupita ku labotale. Makinawa amaonanso pamalo amodzi pomwe aikidwa, pamene ndere zimayenda m'magulu, apa zilipo, apo palibe. Masetilaiti amathandiza poona mtundu wa madzi pa dera lalikulu, koma kukachita mitambo saona, ndipo sangatchule dzina la kachomera. Chomaliza ndi mtengo: amodzi okha amaposa madola 100,000 a ku America, osawerengera magetsi, intaneti ndi malipiro a akatswiri.

Nanga ife a madzi opanda mchere?

Ife sitidya oyster, koma tili ndi mdani wathu. M'madamu, m'mayiwe ndi m'nyanja zopanda mchere, zovuta kwambiri ndi cyanobacteria. Kwenikweni ndi mabakiteriya, koma ali ndi chlorophyll ndipo amayandama pamwamba ngati penti wobiriwira wotayikira pamadzi. Mtundu wina, Microcystis, umapanga microcystin, poizoni woononga chiwindi. Pa 2 Ogasiti 2014 anthu oposa 400,000 a mumzinda wa Toledo ndi madera ozungulira, m'chigawo cha Ohio, anauzidwa kuti asamwe madzi a pampopi chifukwa poizoniyu anapezeka m'madzi ochokera ku nyanja ya Erie. Chiletsocho chinachotsedwa pa 4 Ogasiti. Anauzidwanso kuti asawiritse madziwo. Apa mvetsetsani bwino, chifukwa ife tinazolowera kuti kuwiritsa ndiye mankhwala a madzi. Kuwiritsa kumapha tizilombo ta kolera, zoona, koma microcystin safa ndi moto. Madzi akamaphwera poizoniyo amangotsalira wochindikala m'poto.

Kufupi ndi kwathu, ku Botswana, njovu zoposa 300 zinafa m'dera la Okavango pakati pa chaka cha 2020, zambiri pafupi ndi mayiwe omwera. Mu Sepitembala chaka chomwecho boma la dzikolo linalengeza kuti chinapha njovuzo ndi poizoni wa cyanobacteria. Chogwetsa njovu sichingalephere mbuzi kapena ng'ombe. Amene mumakamwetsa ziweto Loweruka, mukapeza chithovu chobiriwira chitaunjikana kumbali komwe mphepo ikulowera, kapena madzi akununkha ngati udzu wowola, pitirirani nazo kwina. Agalu ndiwo amafa msanga chifukwa amasambiramo kenako n'kudzinyambita.

Makina a madola 100,000 sitingawaone pano posachedwa, koma chipangizo chakale kwambiri pa ntchito imeneyi tikhoza kuchipanga tokha. Dzina lake ndi Secchi disk, kuchokera kwa wansembe wa ku Italy, Angelo Secchi, amene anachiyesa panyanja ya Mediterranean mu 1865. Pezani chivundikiro chakale cha ndowa kapena cha poto, chotambalala masentimita 20 mpaka 30, muchipake penti woyera. Boolani pakati, mulowetse chingwe, pansi pake mumangirire mwala kapena chitsulo kuti chizimira chili chopingasa. Pachingwecho mangani mfundo pa masentimita 10 aliwonse. Mukafika padamu, muli ndi munthu wamkulu komanso pamalo opanda ng'ona, tsitsani pang'onopang'ono mpaka choyeracho chisowe m'maso, muwerenge mfundo zomwe zamira. Kwezani pang'ono mpaka chionekenso, muwerengenso, kenako mutenge nambala ya pakati pa ziwirizo. Yezani pamalo omwewo, nthawi yomweyo ya masana, dzuwa lili kumsana kwanu. Lembaninso mtundu wa madzi, chifukwa mvula ikagwa matope nawonso amabisa chivundikirocho: madzi ofiirira ndi dothi, obiriwira ndi ndere. Alimi a nsomba amakonda kuti chizisowa pa masentimita 30 mpaka 40. Chikayamba kusowa chisanafike pa 20 madzi ali obiriwira, amasiya kuthira manyowa m'damumo n'kulowetsamo madzi atsopano.